Bulangete la Zigamba ndi Mbuzi Imene Tinataya

Kwathu ndi cha ku Bembeke m'boma la Dedza, ndipo amene anagonako kuno mwezi wa Juni kapena Julayi safunika kuuzidwa za kuzizira kwake. Dzuwa likangolowa aliyense amayamba kufunafuna chofunda. Tili ndi munda wa maekala atatu umene timalimamo chimanga, nyemba ndi mbatata ya kachewere. Timawetanso mbuzi ndi nkhuku zachikuda, ndipo tili ndi galu mmodzi wokalamba. Pakhomo pano timakhala anthu asanu ndi awiri: ife makolo, ana athu anayi, ndi agogo awo obereka mayi a m'nyumba muno.

Agogowa ndi amene anabweretsa luso losoka mabulangete a zigamba pakhomo pathu. Anaphunzira kalekale ku gulu la amayi a Dorika, ndipo mpaka lero salola kuti kansalu katayidwe. Chitenje chikang'ambika pakati, iwo amati m'mphepete mudakali moyo. Malaya a bambo akatha pakhosi, kumsana kwake kumakhala kudakali kolimba. Zigamba zina timazipeza kwa telala wa pamsika, amene amatisungira zotsalira m'thumba, ife n'kumupatsa kachewere.

Ntchito yake si yovuta koma imafuna kudekha. Zigamba timayamba tazichapa ndi kuzisita, chifukwa nsalu yatsopano imafupika ikachapidwa koyamba ndipo ina imasuluka n'kudetsa zinzake. Kenako timadula tizidutswa tofanana, masentimita 17 mbali zonse zinayi, potsatira katoni imene agogo anadula kuti ikhale muyeso. Sentimita imodzi mbali iliyonse imalowa mu msoko, n'kutsala 15. Tizidutswa 10 timapanga mzere umodzi, ndipo mizere 14 imakwana bulangete la munthu wamkulu. Pakati timaika bulangete lakale lopyapyala, kunsi timayala zitenje ziwiri zolumikiza, kenako timasoka modutsa zonse zitatu kuti cham'katicho chisamaunjikane mbali imodzi pochapa. Makina osokera tilibe. Timasoka ndi manja madzulo tikatha kudya, pa nyale ya sola, ndipo bulangete limodzi limatitengera miyezi itatu kapena inayi.

Chaka chatha tinali ndi chifukwa chapadera chosokera. Mwana wathu woyamba, mtsikana, anali mu Sitandade 8, ndipo aphunzitsi ake ankatilimbitsa mtima kuti akhoza kusankhidwa kupita ku sekondale yogonera konko. Agogo anati mdzukulu wawo sapita ndi bulangete la kaunjika lofanana ndi la wina aliyense, lomwe likasowa pachingwe sungalizindikire. Anasankha okha zigamba: chitenje chimene ankamuberekera ali khanda, yunifolomu yake ya Sitandade 1, ndi diresi lawo lobiriwira limene analisunga m'sutikesi zaka zambiri. Ife makolo maso athu anali pa mbuzi. Tinali nazo zisanu ndi zitatu, ndipo tinkadziwa kuti ndalama zogonera, matiresi, nsapato ndi thiransipoti zidzachokera m'khola momwemo.

Usiku wina mu Meyi akuba anathyola khola n'kutenga mbuzi ziwiri. Galu anauwa, koma pamene tinkatuluka n'kuti atapita kale. Kutacha sitinakambirane nthawi yaitali. Tinasesa kachipinda kosungiramo matumba a chimanga, kamene kali m'nyumba momwe timagona, n'kunena kuti kuyambira tsiku limenelo mbuzi zizigona mmenemo. Nkhuku nazo zinali zitazolowera kale kugona pabalaza, kuseri kwa chitseko. Mabanja ambiri kuno amachita zomwezo, ndipo ife tinaona ngati tachita mwanzeru.

Sabata yoyamba tinagona tulo tabwino. Kenako kunabwera fungo, limene linalowa m'zovala ndi m'zofunda moti ana ankachita manyazi kusukulu. Utitiri unabwera pambuyo pake. M'mawa uliwonse tinkasesa ndowe ndi zitosi, koma pansi pa nyumba yathu m'pozira ndi dothi, ndipo mkodzo unkalowerera. Mwana wathu wotsiriza anali ndi miyezi 10, akukwawa paliponse, ndipo chilichonse chimene wagwira chinkapita kukamwa. Pakati pa Juni ndi Julayi anatsegula m'mimba katatu.

Ulendo wachiwiri umene tinapita naye kusikelo, mlangizi wa zaumoyo anaona kuti mzere wa pakhadi sukukwera. Anatipatsa Thanzi ORS ndi mapiritsi a zinki oti amwe masiku 10, ndipo patapita masiku ochepa anafika pakhomo. Anayang'ana chimbudzi, anayang'ana thandala la mbale, kenako anasuzumira m'nyumba.

"Bambo ndi mayi, ziwetozi zimagona muno?" anafunsa.

Tinavomera, n'kufotokoza za akuba. Iye anamvetsera mpaka tinamaliza, ndipo anati, "Ndamva, ndipo pepani. Koma mu zitosi za nkhuku ndi ndowe za mbuzi mumakhala tizilombo toyambitsa matenda otsegula m'mimba. Inu akuluakulu mumayenda choimirira. Uyu amayenda ndi manja, ndipo manja omwewo ndi amene amayamwa. Mwana akamatsegula m'mimba kawirikawiri, chakudya sichigwira m'thupi, ndipo amakula monyentchera."

Tinathokoza mwaulemu, koma atangochoka tinauzana kuti akulankhula choncho chifukwa iye sanabedwepo mbuzi. Tiyenera kuvomera kuti sitinasinthe chilichonse.

Nthawi yomweyo n'kuti zigamba zitayamba kusowa. Dengu la tizidutswa todula kale tinkaliika pamwamba pa matumba a chimanga, m'kachipinda komwe kaja, poganiza kuti pamenepo m'patali. Agogo akawerenga ankapeza kuti zaperewera zitatu, tsiku lina zisanu. Zina tinkazipeza pansi zitanyowa ndiponso zitang'ambika m'makona. Tinanamizira makoswe. Kenako tinakalipira mnyamata wathu wa zaka 9, poganiza kuti akutenga kukamangira mpira. Analira n'kukana, koma sitinamukhulupirire.

Pa mbuzi zathu panali yaikazi imene tinkaitcha Namawanga. Inali yaikulu kuposa zonse, ndipo kawiri konse inaswa mapasa. Inakweredwa kumapeto kwa Febuluwale, ndipo popeza mbuzi imakhala ndi bere miyezi isanu, tinkayembekezera ana kumapeto kwa Julayi. Inayamba kuwonda, ubweya unayima, ndipo madzulo zinzake zikamabzikula iyo inkangoima chete. Mimba yokha inali yaikulu, ndiye tinkati ndi bere. Tinaimwetsa mankhwala a njoka za m'mimba koma sipanakhale kusintha. Inaswa ana awiri usiku wozizira kwambiri, inawayamwitsa masiku awiri movutikira, ndipo tsiku lachitatu sinadzukenso.

Mbuzi yofa yokha sitidya, choncho tinakumba dzenje. Tisanaikwirire tinaitana mlangizi wa ziweto, poopa kuti mwina ndi matenda amene angagwirenso zinzake. Anaing'amba ife tikuona. M'chifu munatuluka chimpira cholimba, chachikulu ngati dzungu laling'ono, cha majumbo, chingwe cha nayiloni, ulusi ndi nsalu, zonse zitapotana. Mlangizi anatiuza kuti chifu cha mbuzi chili ndi zigawo zinayi, ndipo chigawo choyamba, chimene ndi chachikulu, chimagaya udzu ndi masamba koma sichingagaye pulasitiki kapena nsalu zosakaniza ndi nayiloni. Zinthuzi zimangounjikana mpaka kutseka malo a chakudya, mbuzi n'kufa ndi njala mimba ili yodzaza. Anawonjezera kuti m'chilimwe msipu ukachepa, ndiponso mbuzi ikamasowa mchere m'thupi, imatafuna chilichonse, makamaka jumbo yonunkhira chakudya ndi nsalu imene yagwidwagwidwa ndi thukuta.

Agogo anawerama n'kutokosa ndi kamtengo. Anatulutsa kansalu kobiriwira, anakayang'ana kanthawi, kenako anatembenukira kwa bambo a m'nyumba muno.

"Apongozi, ili ndi diresi langa," anatero motsitsa mawu. "Mwana uja tinamulakwira."

Madzulo ake tinamuitana mnyamatayo n'kumupepesa pamaso pa abale ake. Kupepesa mwana wako n'kovuta, koma iye anali atasenza mlandu wa mbuzi kwa milungu isanu ndi umodzi.

Usiku umenewo tinakhala pansi awiri n'kuwerengera. Tinalowetsa mbuzi m'nyumba kuti tisataye ngakhale imodzi, ndipo tinataya yabwino kuposa zonse. Majumbo ena inali itawadya kale kudambo ndi m'mbali mwa msewu, zimenezo n'zoona, koma nsalu ndi ulusi tinaipatsa ndi ife. Choposa apo, mwana wathu anali atadwala katatu, munthu wodziwa anatichenjeza, ndipo ife tinamuseka kumbali. Chimene chinatiwawa kwambiri n'chakuti zinatengera imfa ya mbuzi kuti timve zimene sikelo ya mwana inali itatiuza kale.

Sabata yotsatira tinagulitsa kachewere amene tinkasungira mbewu, n'kugula misomali, loko ndi malata anayi akale. Mitengo ya bulugamu tinadula kumunda. Tinamanga khola lam'mwamba, pansi pake pokwera mita imodzi kuchokera pa dothi, ndi timipata tokwana chala pakati pa mitengo yoyala kuti ndowe zizigwera pansi koma mapazi a mbuzi asamakodwe. Tinalimanga moyang'anana ndi windo la kuchipinda kwathu, pamtunda woti mbuzi ikalira timve koma fungo lisafike, ndipo mbali ya kumwera tinatchinga ndi udzu chifukwa cha mphepo. Galu tinamukonzera pogona pamakwerero. Nkhuku tinazimangira kakhola kawo, ndipo pokhala kuti tsopano zimagona pamodzi, n'kosavuta kuzigwira m'mawa zisanatuluke kuti zilandire katemera wa chitopa, kadontho kamodzi m'diso miyezi inayi iliyonse. M'nyumba tinapala dothi lonse lapamwamba n'kuziranso, zofunda tinachapa n'kuyanika padzuwa, ndipo pafupi ndi khola tinaika mpondagiya ndi sopo kuti wochokera ku ziweto asambe m'manja asananyamule mwana kapena kugwira chakudya.

Pa ana awiri a Namawanga, mmodzi anafa tsiku lachinayi. Winayo anapulumuka chifukwa anali atayamwa mkaka woyamba wachikasu uja, umene umateteza mwana wa chiweto ku matenda, ndiponso chifukwa tinali ndi mbuzi ina yoyamwitsa. Mbuziyo inkamukana n'kumamugunda, choncho katatu patsiku wina ankaigwira nyanga, wina miyendo, kuti kamwanako kayamwe. Ntchito imeneyi anaitenga mnyamata wathu uja popanda womutuma. Usiku kankagona m'katoni kukhitchini yapanja, ndipo agogo anakasokera kachofunda ka zigamba zokhuthala, kamene ankakachotsa m'mawa uliwonse kuti kasakatafune.

Zotsatira za mayeso zitatuluka, mwana wathu anasankhidwadi. Tinagulitsa tonde ndi mbuzi ina imodzi, ndipo ndalama zinakwana movutikira, moti nsapato anapita ndi zakale. Bulangete linatha kutatsala masiku anayi kuti anyamuke mu Sepitembala. Tizidutswa 20 tinali titasowa kapena kuwonongeka, choncho linathera pa mizere 12 m'malo mwa 14. Pa diresi lobiriwira la agogo panatsala kachidutswa kamodzi kokha, ndipo anakaika pakona ya kumutu. Mtsikanayo ataliyesa anaseka n'kunena kuti, "Agogo, mapazi akutuluka." Agogo anayankha kuti, "Uzipinda miyendo. Ukadzabwera pa holide tidzawonjezera." Mu Disembala tinawonjezeradi mizere iwiri, ndipo msoko wake umaoneka chifukwa ulusi wake ndi wosiyana.

Sitinganene kuti khola lam'mwamba lathetsa nkhawa ya akuba. Galu akauwa usiku timadzukabe n'kusuzumira pawindo, ndipo tinagwirizana ndi mabanja atatu oyandikana nafe kuti wina akaimba wezulo tonse tizituluka. Koma wotsiriza wathu tsopano akuyenda, mzere wa pakhadi lake ukukwera, ndipo kuchokera pamene ziweto zinatuluka m'nyumba watsegula m'mimba kamodzi kokha. Ndowe zimene zimagwera pansi pa khola timazikokola n'kuziunjika kuti ziwole, ndipo chaka chino tazithira ku dimba la mpiru ndi tomato. Pokolola timasunga masangwi a nyemba ndi mapesi kuti mbuzi zikhale ndi chodya m'chilimwe, timazipatsa madeya osakaniza ndi mchere pang'ono, ndipo ana amatola jumbo iliyonse imene aiona pabwalo. Lachisanu timamweta udzu wa masiku awiri.

Mukatifunsa ngati n'koyenera kugona ndi ziweto m'nyumba poopa akuba, sitikudzudzulani, pakuti mantha amenewo timawadziwa. Tingokupemphani kuti muyang'ane amene akukwawa pansi m'nyumbamo, ndiponso zimene mbuzi ingafikire usiku inu muli mtulo. Zigamba zathu tsopano zimakhala m'ndowa yachivindikiro, pamwamba pa kabati, ndipo agogo ayamba kale kudula za bulangete lina. Akuti limeneli ndi la mnyamata uja.