Chongwe ili pafupi ndi Lusaka, koma khansa siyembekeza

Ambiri amati anthu a ku Chongwe ali ndi mwayi pa nkhani ya khansa, poti Cancer Diseases Hospital, imene inatsegulidwa mu 2007 ku Lusaka, ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 okha. Msewu wa Great East ulipodi, koma kufika pachipata si kulandira chithandizo. Chipatala chimenechi chimalandira odwala ochokera m'dziko lonse, kotero mayi wa kwa Nkomeshya ku Chongwe amaima pa mzere umodzi ndi wa ku Mongu ndi wa ku Kasama. Nthawi imathera podikira: kanyama kamene adula pachotupa kapite kwa katswiri wopima, zotsatira zibwere, tsiku lowotcha chotupa lipezeke. Masabata amenewo chotupa chikukulirakulira, ndipo khansa yopezeka mochedwa ndiyo imapha kwambiri.

Ena akuti boma lililonse likhale ndi chipatala chake cha khansa. Ndikumva chisoni chimene chikuwayankhulitsa, koma nyumba imamangidwa msanga pamene dokotala wa khansa amatenga zaka zambiri kuti aphunzire, ndipo makina opanda owayendetsa sachiza munthu. Chimene tingathe lero tikuchidziwa kale. Kuyambira 2006 anamwino m'Zambia akhala akupima khomo la chiberekero ndi vinega, nachiza tizilonda tisanasanduke khansa tsiku lomwelo. Tiwachulukitse m'zipatala zazing'ono za m'midzi ya Chongwe, atsikana alandire katemera wa HPV, ndipo amene watumizidwa ku Lusaka apite ndi tsiku lodziwika loonana ndi dokotala.