Si Malo Onse Ofunika Kubzalapo Mitengo

Kumpoto kwenikweni kwa Scotland, m'madera a Caithness ndi Sutherland, kuli chidambo chachikulu chotchedwa Flow Country. Wongodutsa angati ndi malo ogona pachabe, chifukwa mbali yaikulu ilibe mitengo. Pali ndere, maiwe ambirimbiri ndi tinyanja ta m'mapiri timene eni dera amatitcha loch. Pansi pake pali nthaka yakuda ya peat, yochokera ku ndere zimene zimafa koma osaola bwinobwino chifukwa chomira m'madzi. Nthakayi imakwera pafupifupi milimita imodzi pa chaka, ndipo pena yafika mamita 10 kuya kwake.

Kukayamba kufunda, mbalame zimabwera kudzaswa. Mbalame ya red-throated diver miyendo yake ili kumbuyo kwambiri moti pamtunda imachita kudzikwakwaza. N'chifukwa chake imamanga chisa m'mphepete penipeni mwa dziwe, n'kumaulukira kunyanja yamchere kukagwira nsomba zodyetsa ana ake. Golden plover, dunlin ndi greenshank zimaikira mazira pansi, pamtetete, pomwe zimamuona mdani akadali kutali.

M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, boma la Britain linkachepetsera msonkho anthu obzala nkhalango. Olemera anathamangira ku chidambochi. Makina analima mizere yakuya, madzi anatsika, mitengo ya paini ndi spruce inadzaza malo aakulu. Ndere zinauma. Nkhandwe ndi akhwangwala anapeza pobisala, ndipo mbalame zoikira pansi zinayamba kupewa ngakhale malo oyandikana ndi nkhalangozo. Mwayi wa msonkhowo unathetsedwa mu 1988. Mu 1995 bungwe loteteza mbalame la RSPB linagula malo ku Forsinard, m'chidambochi, ndipo ntchito yake yakhala yodula mitengo ija ndi kutseka ngalande kuti madzi abwerere. Mu 2024 UNESCO inaika Flow Country pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse.

Nkhaniyi imandikhudza chifukwa tinakula tikumva kuti kubzala mtengo n'kwabwino nthawi zonse. Paphiri lometedwa mpala, zimenezo n'zoona. Koma padambo, mtengo womwewo ungathe kuwononga zimene zinatenga zaka zikwi zambiri kuti zipangike, ndipo kuzikonzanso kumadya ndalama ndi nthawi yochuluka. Tisanakumbe ngalande kapena dzenje la mbande padambo lililonse, tiyambe tafufuza zamoyo zimene zimadalira malowo ndi madzi ake.