Sewero ndi Malonda

M'makalasi mwathu timaphunzira kuwerenga, kulemba ndi masamu. Timacitanso masewero. Ena amatiseka. Amati: "Akuluakulu inu, kodi sewero limadyedwa?" Ife timayankha kuti sewero limathandiza munthu kupeza cakudya.

Mu 1986 ku Maputo kunabadwa gulu la masewero, dzina lake Mutumbela Gogo. Mtsogoleri wake anali mayi Manuela Soeiro. Inali nthawi ya nkhondo, ndalama zinali zosowa. Gululo linayamba kuphika ndi kugulitsa buledi panyumba yawo ya masewero, Teatro Avenida. Ndalama za buledi zinathandiza kuti masewero asafe.

Ife kuno ku Angonia malonda athu ndi mbatata ya kacewere, nyemba, kabici ndi matimati. Kodi sewero limatipatsa ciani?

Coyamba, limatipatsa mawu. Wosewera amalankhula mokweza kuti wokhala kumbuyo amve. Pamsika wa Ulongwe ogulitsa ndi ambiri. Wamanyazi amakhala cete, dzuwa n'kulowa thumba likadali lodzaza. Matimati sadikira mawa.

Caciwiri, limatipatsa maso. Wosewera amayang'ana nkhope za anthu. Amadziwa ngati akondwa kapena atopa. Wogulitsanso ayenera kudziwa amene wabwera kudzagula ndi amene akungofunsa mtengo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Cacitatu, limatiphunzitsa kukonzekera. Sewero silionetsedwa tsiku limene tayamba kuliphunzira. Timabwereza kambirimbiri. Malonda nawonso timawayeseza m'kalasi. Mmodzi amakhala wogula wocokera ku Tete ndi galimoto lake. Iye amanyoza mbatata kuti mtengo utsike. Wina amakhala mlimi. Poyamba mlimi amagwetsa nkhope, n'kuvomera. Timabwerezanso, mpaka anene mosanjenjemera kuti: "Iyayi bambo, mtengo wanga ndi womwewu." Tsiku lina timasewera mlamu wofuna ngongole. Kukana mbale n'kovuta kuposa kukana mlendo. Koma mpamba ukathera m'ngongole, malonda afa. Timaphunzira kukana mwaulemu, cibale osaonongeka.

Komabe sewero ndi malonda zimasiyana. M'sewero munthu akhoza kukhala mfumu lero, mawa wakuba. Pamsika ayi. Amene amabisa mbatata yowola pansi pa ndowa amagulitsa kamodzi kokha. Wogula sabweranso, ndipo amauza anzake.

Zimasiyananso apa: wosewera amasunga mawu ake m'mutu, koma wamalonda asasunge ndalama m'mutu. Mutu umaiwala. Tilembe m'kope mametikali amene tagulira katundu, amene talipira galimoto, ndi amene tapeza. Cotsala ndiye phindu.

N'cifukwa cake m'kalasi timacita zonse ziwiri. Timaimirira kusewera kuti pakamwa pamasuke. Timakhala pansi kulemba kuti asatibere.