Kuphunzira kuwerenga tchire pa Lifupa

Lolemba. Ndinakulira pakati pa zigafa za fodya, paki ya Kasungu ili pafupi, koma pachipata cha Lisitu ndalowa lero, ndili wamkulu kale. Kwathu njovu timaitchula tikamadandaula za chimanga. Pano ndabwera kudzaphunzira kuyenda m'tchire ndi alonda a nyama. Madzulo ndinakhala m'mbali mwa damu la Lifupa, mvuu zikungotulutsa mphuno ndi makutu, nkhwazi ikulira kutsidya.

Lachiwiri. Tinalawira mame asanaume. Abambo amene akundiphunzitsa salankhula zambiri, amangoloza pansi n'kudikira kuti ndinene chimene ndaona. Phazi lakutsogolo la njovu ndi lozungulira, lakumbuyo ndi lotalikirapo. Ndowe ukaziswa ndi kamtengo, chinyezi ndi kutentha kwake zimakuuza ngati yadutsa kumene kapena usiku. Mvuu imasiya zala zinayi, ndipo njira yake yochokera kumadzi imakhala ya mizere iwiri, udzu utatsala pakati, chifukwa usiku wonse imakadya kumtunda. Chimene chikundivuta ndi mphepo. Iwo amagwedeza kathumba ka phulusa, n'kuona kumene likuulukira, kenaka amasankha poyenda kuti fungo lathu lisafike kwa nyama. Njovu siona patali, koma mphuno yake siinama. Ine maso amathamangira kutsogolo kufunafuna chinyama chachikulu. Iwo amayang'ana khungwa losendedwa, nthambi yothyoka imene masamba ake sanafote.

Lachitatu. Kashembe wandiluma m'khosi m'nkhalango ya mitengo ya tsamba ndi mchenga. Taona njiri ndi nswala m'dambo, basi. Tchire la kuno ndi lothithikana, silionetsa nyama mwachisawawa.

Lachinayi. Lero njovu tazipeza. Zazikazi ndi ana awo, yaikulu ili patsogolo, zikutsikira kumadzi mosapupuluma. Miyendo inanjenjemera, mawu anandithera. Tili pobisala abambo aja anandifotokozera mbiri ya pakiyi. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1970, ndi yachiwiri kukula m'Malawi, yoposa masikweya kilomita 2,300. M'zaka za m'ma 1970 munali njovu zoposa 1,000, koma pofika 2015 opha nyama mozembera lamulo anali atasiya pafupifupi 50 zokha. Mu 2022 boma, mothandizana ndi mabungwe a IFAW ndi African Parks, linasamutsa njovu 263 kuchokera ku Liwonde kudzazitula kuno. Mwina zina mwa zimene ndaona lero zinabadwira m'mbali mwa Shire, zinabwera pa malole zitagonekedwa ndi mankhwala.

Lachisanu. Usiku tulo sitinabwere. Njovu zomwezi, zimene dzulo zinandigwetsa misozi, zimatuluka kukadya m'minda, kuno ndi ku Zambia komwe, ndipo anthu ena anataya miyoyo. Mlimi amene mbewu yake yathera usiku umodzi sungamuuze za kukongola kwa chitamba. Ndimamudziwa mlimiyo, ndi wakwathu. Koma ndaonanso waya wa msampha umene alonda anazula, ndi zitsa kumalire kumene mitengo inapita ku nkhuni ndi makala. Mpanda wamagetsi wa kum'mawa kwa paki ndi wofunika, ndipo uyenera kufika pamene sunafike, n'kumakonzedwa ukaduka. Ndapempha kuti sabata yamawa ndiyende ndi gulu loyendera mpandawo, ndikaphunzire kuzindikira pamene njovu yadutsa isanafike kumudzi.