Gitala Yakale ndi Mawu Ake

Munthu wofuna kugula gitala imene ena anaiimbapo kale asanyengedwe ndi kunyezimira kwake. Mawu a gitala amabadwira m'thabwa lakutsogolo, lopyapyala ndi lopepuka, limene limanjenjemera nsambo zikakhudzidwa. M'chaka cha 1862, mmisiri wa ku Spain, Antonio de Torres, anapanga gitala imene m'mbali ndi kumbuyo kwake munali mapepala olimba, pofuna kutsimikiza zimenezi.

Yanga anaipanga mmisiri ndi manja ake, ndipo ndinaigula itakalamba. Utoto unasupuka, koma thabwa lilibe mng'alu, khosi nlowongoka, ndipo mawu ake ngozama. Tsono inu, musanatulutse ndalama zimene munazikhetsera thukuta, gogodani thabwalo, penyetsetsani khosi, imbani nsambo iliyonse payokha. Khutu lanu likhale mboni.