Funso Langa ndi Funso la Agogo

Teremu yathayi, pa phunziro lina la masana, Bambo amene amatiphunzitsa analemba pa bolodi dzina lakuti Erik Erikson. Ambiri a ife a Folomu 3 tinali kuwodzera poti nsima ya nyemba inali itatikhuta. Koma atangonena kuti mkulu ameneyu sanawadziwe bambo ake omubereka, tulo tanga tonse tinabalalika.

Erikson anabadwira ku Frankfurt m'dziko la Germany m'chaka cha 1902. Analeredwa ndi bambo omupeza, a Homburger, ndipo anakula ndi dzina lawo. Atasamukira ku America mu 1933, anadzadzipatsa yekha dzina la Erikson. Choncho nzosadabwitsa kuti munthu wotere anathera moyo wake pa funso lakuti: kodi ine ndine yani? M'buku lake la mu 1950 lotchedwa Childhood and Society, iye anagawa moyo wa munthu m'magawo 8. Anzake ena monga Jean Piaget analekezera pa unyamata, koma iye anafika mpaka ku ukalamba. Pa gawo lililonse pali zinthu ziwiri zimene zimakokana mumtima. Khanda limaphunzira kukhulupirira anthu kapena kuwakayikira, malinga ndi m'mene alisamalira. Ife a zaka zapakati pa 12 ndi 18 tili pa gawo lachisanu, pomwe munthu amafuna kudziwa kuti iye ndani ndipo akulowera kuti. Nkhalamba, pa gawo lachisanu ndi chitatu, imacheukira m'mbuyo: mwina imavomera moyo wake ndi mtima wodekha, mwina imataya mtima.

Ine ndinakopera zonsezi m'kope ngati makwerero: ukaponda lachiwiri, loyamba wathana nalo. Ndi nzeru zimenezi ndinapita kutchuthi ndikudzimva ngati dokotala.

Kwathu kuli nkhani imene aliyense amaidziwa koma palibe amaitchula. Agogo anga aamuna anapita ku migodi ya ku Johannesburg bambo anga ali ndi zaka ziwiri, ndipo anabwerera mwanayo ali mu Sitandade 3. Anabwera ndi njinga, wailesi ndi chikhoti chachikulu, koma mwana anathawira kuseri kwa nkhokwe poona mlendo. Mpaka lero sindinawamvepo bambo akuti "ababa". Amangoti "akulu aja". Feteleza amawagulira, kuchipatala amawaperekeza, koma kukhala nawo pa mphasa imodzi, ayi.

Tsiku lina madzulo tikutong'ola chimanga pakhonde, agogo anandifunsa kuti, "Kodi iwe mdzukulu wanga, kusukulu kwanuko akukuphunzitsani zotani?" Ndinawafotokozera magawo onse aja mwamatama, ndipo ndinawauza kuti iwo ali pa lomaliza. Anaseka mpaka kutsokomola. Kenaka anakhala chete kanthawi, chitsononkho chili m'manja, nati, "Funso lakolo, loti ndine yani, ndi langanso. Kwa anthu a m'mudzi muno ndine mtchona. Kwa agogo ako aakazi ndinali mwamuna wa m'kalata. Nanga kwa bambo ako ndine yani? Kafunse mzungu wakoyo."

Ndinasowa poyambira. M'kope mwanga funso limeneli linali la anyamata, osati la munthu wa imvi amene wapitirira zaka 75.

Nditabwerera kuno ndinawasimbira Bambo aja. Iwo anandiuza kuti wolakwa sanali Erikson koma kakoperedwe kanga. Mwini wakeyo anaphunzitsa kuti palibe gawo limene limatsekeka ngati chitseko. Chimene sichinathe bwino paubwana chimabweranso, ndipo chingathe kukonzeka ngakhale mochedwa. Ngakhale mkazi wake, Joan, atakalamba kwambiri anaona kuti magawo 8 aja akuperewera, ndipo anawonjezerapo lachisanu ndi chinayi m'buku limene linatuluka mu 1997, mwamuna wake atamwalira kale mu 1994. Pa gawo limeneli, thupi likafooka, mafunso onse akale amadzukanso.

Komabe pa zaka zimene amaziika pa gawo lililonse, ine ndikadali ndi chikayiko. Ndili ndi mnzanga wa kumudzi amene anayamba kulera abale ake atatu ali ndi zaka 15, makolo atatisiya. Kusamala ena, malinga ndi buku, ndi ntchito ya anthu a zaka 40 kupita m'tsogolo. Iyeyu nthawi yodzifunsa kuti ndine yani anaipeza kuti? Ife pano tili ndi mwayi wosinkhasinkha za maitanidwe athu chifukwa wina akutiphikira ndipo belu likutidzutsa.

Za bambo anga sindinganene zambiri poti nawonso amawerenga magazini ino. Tsiku londiperekeza ku basi, ndinalimba mtima nkuwauza zimene agogo ananena pakhonde paja. Sanandiyankhe. Anangondikwezera chikwama nkundipatsa ndalama ya sopo. Koma mlongo wanga wandilembera kuti Lamlungu lapitali bambo anapita kwa agogo opanda feteleza kapena mankhwala, ndipo anabwerako kutada. Zimene anakambirana sakuzidziwa, poti ana onse anawathamangitsa pakhondepo.