Osema Ziboliboli

Munthu woyenda m'mbali mwa Nyanja ya Malaŵi, ku Senga Bay kapena ku Nkhata Bay, sangalephere kuona ziboliboli zitandandalikidwa pansi pa mitengo. Pali mvuu zoyasamula kukamwa, nsomba za chambo, msodzi ali m'bwato lake, ndiponso mipando ya mafumu yogobedwa mlambe ndi njovu kumsana kwake. Alendo ochokera kunja amagula zinthuzi kuti azikakumbukira dziko lino.

Ntchitoyi ndi yamanja. Mmisiri amayamba wayang'anitsitsa chipika, pakuti mtengo uli ndi njira yake, ndipo wosema mosaitsata amangoung'amba. Akatero amasema ndi kasemasema, kenaka amatola mpeni ndi tchizulo kuti atulutse maso, mamba ndi makwinya. Kusalalitsa ndiko kumafuna kupirira, ndipo kaŵirikaŵiri mwana wophunzira ntchitoyi amayambira pamenepa. Ku Mua, m'boma la Dedza, Bambo Claude Boucher adakhazikitsa malo otchedwa KuNgoni m'chaka cha 1976, ndipo amisiri ambiri adanolera luso lawo kumeneko.

Mtengo umene amisiri amaukonda koposa ndi phingo. Kunja kwake ndi koyererako, koma mtima wake ndi wakuda bii, wolimba ndiponso wolemera. Tsoka lake, mtengowu umakula pang'onopang'ono. Pamapita zaka 70 kapena kuposerapo kuti ukhwime. Motero chipika chimene mmisiri amachisema m'sabata imodzi chidamera agogo ake ali ana. Popeza phingo akusoŵa, ena amasema mtengo wamba n'kuupaka polishi wakuda wa nsapato. Kumeneku n'kunyenga, ngakhale kuti njala ndiyo imawatuma. Wogula wochenjera amayamba wanyamula chibolibolicho m'manja, pakuti kupepuka kwake ndiko kumaulula chinyengocho.

Ku Mulanje zinthu zidafika poipa. Mkungudza, umene udasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu m'chaka cha 1984, unkasemedwa timabokosi tonunkhira bwino tosungiramo mikanda ndi ndolo. Sikungakhale chilungamo kuloza chala osema okha, chifukwa moto wolusa ndi macheka a ocheka matabwa ndizo zidaupulula kwambiri. M'chaka cha 2017 ofufuza adapeza mitengo yokhwima 7 yokha paphiri lonselo. Mbande zambirimbiri zidabzalidwanso, koma mmisiri amene adzasemepo kabokosi mwina sanabadwe.